Nkhope ya Mário Padzuwa

Benvinda ankagwira ntchito pa loja ya zithunzi ya a Taibo, kuseri kwa msika wa ku Moatize, m'zaka zija mgodi wa malasha utangoyamba kudzaza tauni ndi makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu, ndi fumbi. A Taibo anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, ndipo maso anali atayamba kuwavuta, choncho kompyuta ndi impresora yaikulu yosindikizira zithunzi anazisiya m'manja mwa Benvinda. Kwawo kwa mtsikanayu kunali ku Zóbuè, kumapiri, ndipo ntchito imene ankaidziwa koposa inali yodzutsa zithunzi zakale, zong'ambika, zodyedwa ndi chiswe, zofufuma ndi mvula. Anthu ambiri amene nkhondo inawalanda abale anali ndi kachithunzi kamodzi kokha, ndipo ankabwera nako atakakulunga m'kansalu ngati mankhwala.

Tsiku lina mu lojamo munalowa munthu amene Benvinda ankamuzemba chibwerere mtendere. Anali a Policarpo, a kwawo komweko ku Zóbuè, amene tsopano anali ndi makamyau awo onyamula katundu ku Chipanga. Benvinda ali kamwana anawaona ndi maso ake ali mu zovala za usilikali, atagwaditsa amuna a m'mudzi pabwalo la sukulu, akuwafunsa amene ankapereka ufa kwa anthu a kuthengo, omenyana ndi boma. Mmodzi mwa ogwadawo anali bambo ake, a Tito. Anabwerako amoyo, koma khutu limodzi silinamvenso mpaka imfa yawo, ndipo banja lonse linathawira ku Mwanza sabata yomweyo. Nkhondo itatha anthu anabwerera, anagwirana chanza, a Policarpo n'kumakhala benchi lakutsogolo m'tchalitchi. Palibe amene ankainena nkhaniyo. Koma Benvinda akangomva mawu awo, ankalowera njira ina.

A Policarpo anaika tizithunzi tiwiri patebulo, n'kutisanja ndi chala.

"Ndiwe mwana wa malemu a Tito, eti? Akuti manja ako ndi abwino. Awa ndi abale anga. Uyu ndi Horácio, mkulu wanga, anafera mbali ya boma. Uyu ndi Mário, mng'ono wanga. Anatengedwa ndi a kuthengo ali ndi mkazi watsopano, anafera mbali imeneyo. Tawamangira ziliza moyandikana, Loweruka kuli misa. Ndikufuna zithunzi zazikulu ziwiri."

"Ndamva, bambo," anatero Benvinda, maso ali patebulo.

"Sunamve, sindinamalize. Zifanane. Kukula kumodzi, mtundu umodzi. Mkazi wa Mário, mlamu wanga Josefina, sanapondepo pakhomo pa amayi chimwalirire mwamuna wake. Amati banja linamutaya Mário chifukwa anafera kuthengo. Ndavutika kuti avomere kubwera. Pasapezeke munthu wonena kuti uyu tamukonda, uyu tamunyoza."

Benvinda anaigwira ntchitoyo ngati wanyamula mazira. Tizithunzito tinali takuda ndi koyera basi, kena kochokera pa chitupa cha usilikali, kena kodulidwa pa chithunzi cha ukwati. Anachotsa mikwingwirima, anawapaka khungu la mtundu umodzi, anawaveka onse malaya oyera ofanana, kuti pasaoneke za nkhondo. Horácio anatuluka mu impresora bwinobwino, koma anatengera pepala lalikulu lomaliza la m'bokosi lakale. A Taibo anatsegula bokosi latsopano limene anagula ku Tete, la mapepala oyera mbee, osalala ngati mbale. Benvinda anasindikiza Mário pa limenelo osasintha kanthu pa kompyuta. M'chipinda chogwirira ntchito munalibe zenera, munali mababu okhaokha, ndipo pansi pa mababuwo abale awiriwo anafanana ngati mapasa. Anawamata pa timatabwa, anawakulunga, n'kupuma mpweya wautali.

Lachisanu m'mawa anakwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè, zithunzi zili pamiyendo, poti ankafuna akaonenso amayi ake. Anafika dzuwa litakwera, kumwamba kuli koyera kopanda kamtambo. Pakhomo pa amayi a Policarpo, mayi Leopoldina, panali piringupiringu. Amuna ankamanga chisakasa, amayi ankasankha nyemba ndi kusenda mbatata. Mayi Leopoldina anakhala pamphasa pakati pa bwalo, ndipo chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mapeyala, panakhala mayi wowonda wa duku lakuda, manja ali pamaondo. Ameneyo anali Josefina.

"Tsegula tione," anatero a Policarpo.

Benvinda anagwada, anamasula chingwe, n'kuimika zithunzizo pakhoma, padzuwa. Anayamba kumva anthu asanaone yekha. Phokoso la pabwalo linazima ngati wina walithira madzi. Atakweza maso, mtima unamuthawa.

Horácio anali monga anamusiyira, khungu lofunda, malaya oyera bwino. Koma Mário sanali Mário wa dzulo. Nkhope yake inali mbuu ngati yopakidwa phulusa, milomo yotuwa, ndipo malaya ake ankawala kuwala kozizira konka ku azulu, mtundu wa kumwamba, ngati nsalu yokulungira maliro. Anali munthu wakufa atatsegula maso, pambali pa munthu wamoyo.

Mayi wina anagwetsa lichero. Wina ananong'ona, koma aliyense anamva: "Mlandu suola. Sanagone ameneyo."

Josefina anadzuka pang'onopang'ono, anayandikira, anayang'ana. Sanalire mokuwa. Anangotulutsa kaliwu kakang'ono kapakhosi, n'kutembenukira a Policarpo.

"Mwandiitanira zimenezi, alamu? Kuti mudzamuphenso pamaso pa anthu?"

Anatola nsalu yake n'kutuluka pabwalopo. Abale ake amene anabwera naye anaima, amuna angapo anasiya mitengo ya chisakasa pansi, ndipo mmodzi sanasiye chikwanje. Mayi Leopoldina anadziphimba kumaso ndi chitenje, akugwedezeka.

A Policarpo sanakuwe. Benvinda akanakonda akanakuwa. Anawerama pafupi ndi khutu lake n'kulankhula motsitsa, mawu omwe aja a pabwalo la sukulu.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndikulumbira. Dzulo zinali zofanana."

"Kapena wadzituma wekha? Chifukwa cha bambo ako?"

Benvinda anayang'ana pansi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwina a Policarpo anaiwala nkhope za amuna amene anawagwaditsa. Tsopano anadziwa kuti sanaiwale ngakhale imodzi.

"Nyamula," anatero a Policarpo. "Tikupita ku Moatize. Ukandionetse mmene zinafananira."

Galimoto yawo inali yoyera, yokhala ndi malo a katundu kumbuyo. Benvinda anakhala kutsogolo, zithunzi atazikumbatira pachifuwa. Anafuna kupempha kuti akatsanzike amayi ake, koma anaopa. Anadutsa msika wa pamalire, anyamata osintha ndalama, amayi ogulitsa kabichi ndi tomato, ndipo iye ankayang'ana nkhope iliyonse kuti mwina wina womudziwa amuone, kuti mawa pakadzafunsidwa padzapezeke wonena kuti ndinamuona m'galimoto ya a Policarpo.

Msewu unayamba kutsika mapiri. Mphepo yozizira inatsalira kumbuyo, kutentha kwa kuchigwa kunalowa pawindo. A Policarpo ankayendetsa mothamanga. Pa dzenje lina galimoto inadumpha, kachitseko ka kabokosi ka kutsogolo kwa Benvinda kanatseguka, ndipo pakati pa mapepala a galimoto panali kamfuti kakang'ono kakuda. A Policarpo anatambasula dzanja, anatseka, osamuyang'ana. Kuyambira pamenepo Benvinda sanasunthenso maondo ake. Ankayesa kupemphera koma Tikuoneni Maria ankamuthera pakati, n'kuyambanso, n'kumutheranso pomwepo.

Anadutsa midzi ya matumba a makala m'mbali mwa msewu, anadutsa milambe, mpaka anafika pamalo opanda nyumba, pa nkhalango ya mitengo ya tsanya youma. Pamenepo galimoto inachepetsa liwiro, inapatuka pa phula, inaima. Injini inazima. Kunali zii, kupatula nyenje.

"Tsika. Tenga cha Mário."

Benvinda anatsika nacho. M'udzu chapafupi munali chigoba cha kamyau yopsa kalekale, dzimbiri lokhalokha, mtengo utamera pakati pake. Benvinda anayang'ana msewu uku ndi uku. Kunalibe galimoto ngakhale imodzi. Anaganiza za mwana wake wamkazi amene anamusiya kwa aneba ku Moatize, kuti sanamuluke tsitsi monga anamulonjezera.

A Policarpo analanda chithunzicho. Anachiika padzuwa, nkhope ija inatuwa. Anachilowetsa m'galimoto, pansi pa mpando pamthunzi wakuda, anawerama n'kusuzumira. Anachitulutsanso. Anachita zimenezi kangapo.

"Apa ndi pamene anam'peza Mário," anatero, akuloza ndi chibwano kuseri kwa chigoba chija. "Anagona pamenepo, palibe wa banja anabwera kudzam'tenga. Tinkaopa. Anabwera ndi mkazi wake yekha, ndi wilibala yobwereka." Anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. Thukuta linkatsika m'masaya mwawo. "Undiuze zoona, mwana wa a Tito. Ukandinamiza ndidzadziwa. Ndi makina ako, ndi iweyo, kapena ndi iyeyu?"

Benvinda anazindikira kuti bamboyu ali ndi mantha, ndipo zimenezi sizinamutonthoze. Zinamuopsa koposa. Ankakumbukira kuti tsiku lija pasukulu asilikali analinso ndi mantha. Iye mwini sankadziwa chimene chinachitikira chithunzicho. Mbali ina ya mtima wake inkanena zomwe ananena mayi uja pabwalo. Anafufuza m'mutu mwake chinthu chimodzi chimene chinasiyana pakati pa zithunzi ziwirizo, ndipo anachipeza chimodzi chokha.

"Ndi pepala, bambo," anatero Benvinda. "Pepala lakale linatha. Uyu ali pa pepala lina."

"Pepala lingaphe munthu nkhope?"

"Tikafike ku loja. Ndikakuonetsani."

A Policarpo anamubwezera chithunzicho, onse n'kukweranso galimoto. Njira yonse yotsalayo Benvinda ankangodzifunsa kuti, nanga likapanda kukhala pepala?

Anafika ku Moatize dzuwa litapendeka, fumbi la malasha lili tolo mumsewu. A Taibo anali atangobwera ku swala ya Lachisanu, akadali mu mkanjo wawo woyera. Ataona nkhope ya Benvinda ndi munthu amene anali kumbuyo kwake, anadzuka pampando osafunsa zambiri. Benvinda anafotokoza mwachibwibwi. Anaimika zithunzizo m'chipinda cha mababu, ndipo abale awiri aja anafanananso ngati palibe chinachitika. A Policarpo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kudzilemba mtanda.

A Taibo anatola kachidutswa ka pepala lakale m'dengu la zinyalala, anadula kena ka latsopano, n'kupita nato pakhomo. Anaitana onse awiri. M'nyumba tizidutswato tinali toyera chimodzimodzi. Padzuwa kakale kanaoneka ngati mkaka, katsopano kanayaka kuwala kozizira kuja, kopanda chithunzi chilichonse.

Benvinda anatiyang'anitsitsa. Linalidi pepala.

"Mukuona, senyoro Policarpo?" anatero a Taibo. "Mulibe nkhope ya munthu apa, koma likuwala. Mukudziwa sopo waufa uja amene amayi amachapira malaya a sukulu, akayanika padzuwa n'kumawala mpaka kuthobwa m'maso? Mankhwala omwewo amawathira m'mapepala ena kuti aoneke oyera kwambiri. Amamwa dzuwa n'kulibweza la azulu. Babu silidzutsa mankhwalawo, dzuwa ndiye limawadzutsa. Ndinagula ndine pepalali, mwanayu sanalisankhe."

"Ndiye musindikizenso pa lakale."

"Lakale latha, ndipo ku Tete kulibe. Limachokera kutali."

"Sindikizani onse awiri pa latsopano."

A Taibo anatsegula bokosi lija n'kuwaonetsa. Mapepala ang'onoang'ono analimo ambiri, koma lalikulu linatsala limodzi lokha. Pa aakulu enawo a Taibo anali atasindikizapo zithunzi za ukwati wa mnyamata wina wa kumgodi m'mawa womwewo.

A Policarpo anakoka mpando, anauika pakhomo penipeni, n'kukhala. "Mawa m'mawa kuli misa," anatero. "Ine ndili pano."

Pansi pa bokosilo Benvinda anapeza kadisiki kamene sanakalabadire dzulo. Munali perfil ya pepala latsopanolo. Pepala lililonse lili ndi perfil yake, malangizo amene amauza makina kuti pepala ili likufuna tinta, kapena kuti inki, wofiira wochuluka bwanji, wachikasu wochuluka bwanji, kuti khungu lituluke khungu. Dzulo anasindikiza Mário ndi perfil ya pepala lakale, ngati kuthira mchere wa mphika wina mu mphika wina. Anaika kadisikiko. Anadula chigawo cha chithunzi, tsaya limodzi ndi kolala ya malaya, n'kuchisindikiza pa kapepala kakang'ono. Kuti akachione padzuwa anayenera kudutsa pafupi ndi maondo a a Policarpo. Anadutsa chammbali.

Anaika kachidutswako pambali pa nkhope ya Horácio. Tsaya linali litabwerera pang'ono, magazi atayamba kuyendamo. Koma kolala inkayakabe, chifukwa pamalo oyera makina sathirapo tinta, amangosiya pepala, ndipo pepalalo ndiye linali vuto.

"Sichinafanane," anatero a Policarpo.

"Ndikuona, bambo."

Anabwerera mkati. Anauza kompyuta kuti pa pepala latsopano itsanzire kuyera kwa pepala lakale, ithire kachikasu kopyapyala paliponse, ngakhale pamalaya, kuti kaphimbe kuwala kuja. Kachidutswa kotsatira kanatuluka kachikasu mopitirira, Mário ngati wodwala chiwindi. A Policarpo anangotsonya. Kena kanabwerera ku phulusa. Benvinda ankalowa ndi kutuluka, thukuta likulowa m'maso, ndipo ulendo uliwonse mthunzi wa nyumba za kutsidya kwa msewu unkakhala utayandikira. Poyamba ankayesera pakhonde, kenaka pansi pa masitepe, kenaka anayenera kuima pakati pa msewu, njinga zamoto zikumuimbira belu, atanyamula Horácio dzanja lina, kachidutswa dzanja lina. Dzuwa likalowa sakanakhalanso ndi poyesera, ndipo akanayenera kusindikiza pepala lomalizalo mongolota.

A Taibo anabweretsa tiyi kwa mlendoyo. A Policarpo sanamwe. Anthu obwera kudzajambulitsa ankafika pakhomo, n'kuona nkhope ya munthu wokhala pampandoyo, n'kubwerera.

Dzuwa litatsala pang'ono kukhudza madenga, Benvinda anaika kachidutswa kena pambali pa Horácio, ndipo diso lake silinapezenso malire. Tsaya ndi tsaya, kolala ndi kolala. Anaitana a Taibo, anaitana a Policarpo. Onse atatu anaima mumsewu, mitu pamodzi.

"Ndi chimenechi," anatero a Policarpo. "Sindikiza."

Benvinda akanatha kungothamangira mkati. Koma panali chinthu chimene anachiona akudutsa nacho kachidutswako pansi pa mababu, ndipo anadziwa kuti akachibisa lero adzachiona okha tsiku lina, iye ali kutali ndi a Taibo.

"Bambo, pali china." Anakweza kachidutswako. "Mapepala awiriwa sangafanane paliponse. Ndawafananitsa padzuwa, chifukwa misa ili panja. Mukakalowa nazo m'nyumba, pa babu kapena pa nyali, mankhwala aja agona, kachikasu kamene ndathira katsala. Mário adzasiyana pang'ono ndi Horácio."

Nkhope ya a Policarpo inauma. "Adzaoneka bwanji?"

"Wofiirira pang'ono. Ngati munthu amene wakhala pafupi ndi moto."

"Wamoyo?"

"Wamoyo, bambo."

A Policarpo anayang'ana kachidutswa ka tsaya la mng'ono wawo. Kenaka anagwedeza mutu kamodzi.

Benvinda analowetsa pepala lomaliza lija ndi manja awiri. Impresora inayamba kuyenda, uku ndi uku, uku ndi uku, ikulavula Mário pang'onopang'ono kuyambira kutsitsi. Magetsi a ku Moatize ankathima nthawi iliyonse imene afuna, ndipo akanathima pamenepo nkhopeyo ikanathera pamphuno. Babu linaphethira kamodzi, chipumi chitangotuluka, Benvinda n'kukuwa mosadziletsa. Makina sanaime. Maso anatuluka, pakamwa, kolala, mabatani a malaya. Pepala litagwera m'manja mwake anathamanga nalo panja, mpaka pa mphambano pamene kachidutswa ka dzuwa kanatsalira pakati pa nyumba ziwiri. A Policarpo anamutsatira ndi Horácio. Anaziika pamodzi. Anali abale awiri, ana a mayi mmodzi.

"Tiye," anatero a Policarpo. "Ndikakutule kwanu."

Benvinda anayang'ana a Taibo, ndipo mkuluyo anamva zimene maso ake ankanena.

"Tinta sanaume, senyoro, ndipo sitinamate pa thabwa," anatero a Taibo modekha. "Mudzatenge mbandakucha, ndidzakutsegulirani ndine. Mwanayu ali ndi mwana kunyumba. Ngati abwere kumisa, abwera pa shapa."

A Policarpo anayang'ana mkuluyo, anayang'ana Benvinda, n'kupita ku galimoto yawo. Itangokhota pakona, Benvinda anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kuyamba kulira ngati kamwana.

Sankafuna kupita kumisako. Koma kukhala ku Moatize osadziwa chimene chikuchitika kunali kowawa koposa, ndipo amayi ake anali komweko, pafupi ndi anthu a chikwanje aja. Anakwera shapa yoyamba. Atafika anapeza Zóbuè atavala nkhungu, phiri losaoneka, dzuwa lobisika kuseri kwa mitambo yoyera. Mantha anamugwiranso. Iye anayesera pa dzuwa la ku Moatize la madzulo, lofiira ndi fumbi. Kuwala kwa nkhungu sanakuyesere.

Kumanda kunadzaza anthu, ena obwera kudzapemphera, ambiri obwera kudzaona chithunzi chimene mbiri yake inali itazungulira mudzi wonse. Benvinda anaima kumbuyo, pafupi ndi kanjira kotulukira. Anamva kuti a Policarpo anafika m'mamawa, n'kupita okha kwa Josefina ndi zithunzi zonse ziwiri, n'kugwada pakhomo pake mpaka mayiyo anatuluka. Josefina analipo, ataima kumbali kwa chiliza cha mwamuna wake.

Nsalu yophimba zithunzi itachotsedwa, khamu lonse linatambasula makosi. Benvinda anatseka maso, akumvetsera. Sipanamveke lichero kugwa kapena kunong'ona. Panamveka mayi Leopoldina akuitana ana awo mayina, Horácio, Mário, Horácio, Mário, ndi mawu a padiri akuyamba pemphero. Atatsegula maso anaona nkhope ziwiri zofanana pamwamba pa ziliza, zonyowa pang'ono ndi nkhungu. Madzi odalitsa anawazidwa pa zonse ziwiri. Pa nthawi yopatsana mtendere Josefina anapereka dzanja kwa apongozi ake, mouma, osamwetulira, koma anapereka.

Anthu akubalalika kupita ku chakudya, Benvinda anayamba kuzemba. Dzanja lowonda linamugwira pamkono. Anali Josefina.

"Ndiwe wa zithunzi uja."

"Ndine, mayi. Mundikhululukire za dzulo. Linali pepala, silinali dala."

"Andiuza." Josefina anamukokera pambali, kuseri kwa mtengo. "Choyamba chija chili kuti?"

"Chili ku loja. Tichiotcha."

"Usachiotche. Ndikuchifuna."

Benvinda anaganiza kuti sanamve bwino. Josefina anayang'ana ku ziliza, kumene chithunzi chatsopano chinaima.

"Icho n'chabwino. N'cha amayi ake, n'cha anthu. Koma ine amene ndinam'nyamula pa wilibala sanali uyo. Anali wa dzulo uja. Milomo yomwe ija, phulusa lomwe lija. Ndinam'sambitsa ndekha, ndipo zaka zonsezi palibe amene anaona zimene ndinaona ine. Dzulo mudzi wonse unaona." Anamufinya mkono. "Unditumizire. Sindichipachika. Ndichisunga."

Tsitsi linamuimirira Benvinda. Anavomera ndi mutu.

Lolemba anachipeza chithunzicho chitatsamira khoma m'chipinda cha mababu, Mário akuoneka wathanzi, wakhungu losalala, mnyamata wa pa tsiku la ukwati wake. Benvinda anachitembenuzira kukhoma. Masiku angapo ankati achiotche n'kunama kuti chinatayika, ndipo kamodzi anafika nacho mpaka pakhomo la kuseri, machesi ali m'manja, koma kuti achiotche anayenera kutuluka nacho padzuwa, ndipo sanathe. Anawauza a Taibo zonse. Mkuluyo anasisita ndevu n'kunena kuti mwamunayo anali wa Josefina, ndipo si kwa iwo kumusankhira nkhope yoti akumbukire.

Benvinda anachikulunga m'chipinda momwemo, mapepala akhaki ambirimbiri, n'kumanga ndi chingwe molimba. Anachipereka kwa dalaivala wa shapa wa kwawo, n'kumuuza kuti akachipereke m'manja mwa mayi Josefina, ndiponso kuti asachitsegule panjira ngakhale apolisi atafunsa.

"Muli chiyani, mana Benvinda?" anafunsa dalaivalayo, akuchikankhira kuseri kwa mpando wake.

"Chithunzi cha amuna awo," anatero Benvinda.

Shapa inadzaza, inanyamuka kulowera kumapiri, iye n'kubwerera ku loja, kumene mayi wina anali kumudikira ndi kachithunzi kokulunga m'kansalu.